Mtanda Umene Ndinasunga Zaka Makumi Atatu

Tadala, pepala lakolo yamba waliika pansi, ulitsamiritse ndi mwala, utenge lichero uthandize anzako kusenda nandoloyu. Ndakumva kawiri konse kuti akusankha kukaimira achinyamata ku msonkhano wa ku parishi, ndipo akuti mpingo ukufuna kumva maganizo a akhristu eni ake. Makutu angawa ndi okalamba koma si ogontha. Mwaona kuti sindinaombe m'manja, ndiye mwayamba kunong'onezana kuti anganga ndi ansanje. Ndichitire nsanje chiyani, nyama ya ku msonkhano? Mano ake ati? Khalani pansi nonse, ana inu, ndikuuzeni chifukwa chake ine munthu wamkulu akandifunsa kuti ndikuganizapo bwanji, ndimayamba ndayang'ana kumene kuli khomo.

Khalidwe limeneli ndinaliphunzira ku esiteti, kumene ndinathyola tiyi kuyambira ndilibe ndevu mpaka msana unakana. Inu tiyi mumamudziwira m'kapu. Ife tinkamudziwira m'mafupa: dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, chiperoni chikutsika m'phirimo, chofunda chathu chili chiguduli chopinda pamutu. Chaka china bwana wamkulu anatisonkhanitsa pa sikelo yoyezera tiyi akumwetulira, nati aliyense amene ali ndi dandaulo alankhule momasuka pakuti tonse ndife banja limodzi. Tonse tinayang'ana zala za kumapazi. Koma panali mnzanga wina, Likhutcha, amene pakamwa pake sipankachedwa. Anaimirira nanena kuti anthu akutha ndi chifuwa, atipatse majasi a mvula. Bwana anagwedeza mutu, kalaliki analemba, ife tinaomba m'manja. Majasiwo anabweradi patapita zaka ziwiri, koma Likhutcha sanawavale. Nyengo yotsatira dzina lake silinapezeke pa mndandanda wa olembedwa ntchito, ndipo palibe anamuuza chifukwa. Anathera kuumba njerwa ku Thuchila.

Mpingo si esiteti, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho. Ndinabatizidwa ndili khanda ndipo ndidzafa Mkatolika, wina afune asafune. Koma mpingowu ndauona ukutembenuka pang'onopang'ono. Ndili mwana, wansembe tinkamudziwa msana. Ankaima chotifulatira akulankhula Chilatini ndi Mulungu, ife kumbuyo tikuyankha mawu amene sitinkawamva, amayi anga akuwapinda mpaka kumveka ngati Chilomwe. Pasaka ikayandikira tinkanyamuka wapansi kupita ku parishi, ulendo wa tsiku lathunthu, titamanga makaka ndi kalongonda m'kansalu. Inu mukadandaula minibasi ikachedwa pang'ono pa Boma, ndimangokuyang'anani. Nsapato tinkazinyamula m'manja, kuzivala tafika pa chipata, amene anali nazo. Ng'oma inali yoletsedwa, akuti ndi ya ziwanda. Kenaka wansembe anatembenuka, tinamuona nkhope, Misa inayamba kuchitika m'chinenero chathu, ng'oma yomwe ija inalowa m'tchalitchi osabatizidwa n'komwe. Palibe anatifunsa poiletsa, palibe anatifunsa poilola. Tsopano akuti atipatsa khutu, ndiye musadabwe ndikamafuna kuliona kaye khutulo.

Ku tchalitchi chathu chaching'onochi wansembe amabwera mwa apo ndi apo, chifukwa ali yekha ndipo matchalitchi ndi ambiri. Zambiri timayendetsa tokha, makamaka maliro. Mukuukumbukira mtanda uja unkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga, umene ndinkakukalipirani mukaukhudza ndi manja a mango? Ndi wa mkungudza, anasema katekisiti wathu wakale amene anagona kale. Mpaka lero ukaupala ndi chikhadabo umanunkhira phiri. Mwambo wathu ndi wakuti mkhristu akamwalira, mtanda umenewo umatsogola kuchoka pa siwa mpaka kumanda, nsalu ya mpingo ili pa bokosi, kwaya ikuimba. Munthu amene anali woimitsidwa masakramenti, mtandawo sutuluka. Akhristu amapita ngati anansi chabe, kuyenda mwakachetechete, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti mpingo wamukana. Anandipatsa ine kuti ndiziusunga chifukwa nyumba yanga inali yoyamba kukhala ya malata, sinkadontha. Si kuti ndinali woyera kuposa ena, anganga anu aakazi akanakhala moyo akanakuuzani. Ndinausunga zaka makumi atatu, ndipo nthawi zingapo ndinaukaniza kutuluka, mtima uli m'malo.

Tsopano ndikuuzeni za mlongo wanga Felesita, amene inu munkamutcha anganga a kutsidya, aja ankakupatsani nthochi zowotcha. Munkamuona atakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi khomo, ndipo mwina munkaganiza kuti amakonda mphepo. Ali mtsikana anafunsiridwa ndi mnyamata wina wa ku Mozambiki, Alufonso, wovala bwino, wodziwa kuseketsa akuluakulu. Felesita ankafuna ayambe amuona kaye khalidwe lake, akhale pamudzi alime chaka chimodzi monga ankachitira akamwini akale. Ine monga mwini mbumba ndinakana. Ndinati mlongo wa munthu wa mu komiti ya tchalitchi sangakhale ndi mwamuna osadalitsa ukwati, ndipo ndinawakokera ndekha kwa wansembe. Patangopita zaka zitatu Alufonso anati akukaona abale kwawo. Mpaka lero akuonabe abalewo.

Felesita anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, akulima yekha, akulera ana awiri. Kenaka kunabwera a Bonifasi, amene mukuwadziwa, munthu wofedwa, wosalankhulalankhula. Anayamba ndi kumukonzera denga, mapeto ake anakhala. Tinakafunsa ku parishi ngati pali njira, anatiuza kuti tibweretse umboni wakuti Alufonso anamwalira, kapena timupeze adzayankhe mafunso. Ndinapalasa njinga kawiri konse kudutsa pa Muloza, kufunsa mudzi ndi mudzi. Wina anati anapita ku Joni, wina anati anafa pa nkhondo, wina anati ali ndi mkazi kunyanja. Pepala ndiye kunalibe. Nkhani itafika mu komiti yathu kuti Felesita aimitsidwe masakramenti, anthu anandiyang'ana ine kuti aone ngati ndikondere. Ndinakweza dzanja woyamba. Ndikunena izi ndi manyazi, ana inu, chifukwa ndinalikweza kuti anthu anditame kuti ndine wolungama. Felesita sanandifunsepo za dzanja limenelo ngakhale tsiku limodzi. Anangosamukira ku benchi ya kukhomo ija, napitiriza kusesa tchalitchi Loweruka lililonse.

Ndiye zaka zapitazi kunabwera mawu akuti Sinodi. Katekisiti wathu wa tsopanoyu, mwana waulemu ndithu, anatiuza kuti Apapa akufuna mpingo wonse uyendere limodzi, ndipo aliyense alankhule, ngakhale amene amakhala kumbuyo. Anati zimene tinene mu mphakati, kagulu kathu ka mabanja oyandikana kaja, zikafika ku parishi, zichoke kumeneko zipite kwa ambuye episikopi, mpaka ku Roma. Ine ndinati mumtima, ulendo wautali chotere, mawu a munthu wosauka akafika ali ndi miyendo? Tinasonkhana masana pansi pa mtengo wa mango kwa a Gerevaziyo, wapampando wa komiti. Iwo ndiwo anatsegula ndi pemphero, nanena kuti mutu umodzi susenza denga, lero palibe wamkulu palibe wamng'ono. Ndinamva fungo la pa sikelo paja, ndinasuntha kukakhala kumapeto.

Mafunso oyamba anthu anayankha monga timayankhira alendo. Wina anati denga la tchalitchi likudontha, wina anati bambo mfumu, wansembe wathu, azibwera pafupipafupi, wina anadandaula kuti achinyamata akuthawira ku mipingo ya zokuzira mawu. Kenaka katekisiti anawerenga funso lakuti ndani amene tawasiya m'mbuyo pa ulendo wathu. Ine yankho ndinali nalo, linali litakhala pamphasa patsogolo panga litafunda chitenje chobiriwira, koma ndinakumbukira Likhutcha ndipo ndinatseka pakamwa. Felesita anadzuka yekha, nagwada monga mwa ulemu wake.

"Ine ndasesa tchalitchi chija zaka zonsezi," anatero. "Tsache langa mumalilandira. Nkhuku yanga bambo mfumu akabwera mumailandira. Mwamuna amene munandidalitsa naye anandithawa, sindidziwa ngati ali moyo. Amene anandisunga ndi kulera ana anga mumati ndiye tchimo langa. Sindikuti musinthe malamulo a Mulungu, ine sindinaphunzire. Ndikungofunsa, poti mwati tifunse: ndikadzafa, mudzanditaya ngati ndani?"

Anthu anazyolika. Amayi ena anapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Ine maso anga anali pa dzanja la mlembi wathu, a Sitefano, mphunzitsi wopuma. Ku esiteti ndinaphunzira kuti usamayang'ane nkhope ya bwana, uziyang'ana cholembera cha kalaliki. Felesita analankhula mawu onse aja, koma cholembera cha a Sitefano chinayenda mzere umodzi wokha n'kuima. A Gerevaziyo anathokoza mayi Felesita chifukwa cha kumasuka kwawo, tinaomba m'manja, tinapita ku funso lotsatira. Pobwerera kunyumba mlongo wanga anali wosangalala ngati mtsikana. Anandiuza kuti, achimwene, mawu anga akupita ku Roma.

Patapita masabata angapo anatiwerengera m'tchalitchi zimene mphakati wathu unatumiza. Za denga zinalimo. Za bambo mfumu kubwera pafupipafupi zinalimo, zitavekedwa ulemu wambiri. Pa funso lija panalembedwa kuti akhristu apempha kuti mabanja azilimbikitsidwa kukhala okhulupirika. Ndinatembenuka kuyang'ana ku benchi ya kukhomo. Felesita anali akudikirabe kuti awerenge zake, mpaka katekisiti anapinda pepala.

Titatuluka ndinawatsekereza a Sitefano pa mtengo umene timapachikapo chitsulo choimbira belu. Sanakane. Anati mawu aja anali owawa kwambiri, sakanawatumiza kwa ambuye episikopi osaphika, angaoneke ngati kuno kulibe mwambo, ndiye iwo ndi a Gerevaziyo anangowafewetsa pang'ono. Inu mukudziwa mmene timaphikira kalongonda: kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kuti ululu uchoke. Koma ngakhale wophika mwamantha chotani amasiya nyembazo mumphika. Awa anataya madzi ndi nyemba zomwe. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti panalibe wansembe amene anawatuma. Ndife tomwe, akhristu eni ake, amene tinapatsidwa mpata wolankhula, n'kuchita manyazi ndi mawu a mnzathu.

Chaka chatha, nthawi yozizira, Felesita anagwa ali m'munda wa chinangwa. Pofika naye kuchipatala anali atapita kale. Mudzi wonse unadziwa funso limene linatsala, chifukwa mwini wake anali atalifunsa pagulu. M'mawa wa tsiku loika maliro, dzuwa litangotuluka, ndinabwera kuno kudzasintha malaya, ndipo a Gerevaziyo ananditsatira. Anakhala pa mpando umene wakhalapo iwe Tadala. Anayamba ndi kupepesa kwautali, kenaka anati ndikudziwa ndekha mmene timachitira, ndipo ine ndiye ndakhala wolimbikitsa mwambowo kuposa onse. Akhristu abwera ngati anansi, koma mtanda, nsalu ndi kwaya ayi.

Ndinawafunsa ngati bambo mfumu ndiwo alamula zimenezi. Anati bambo mfumu ali ku msonkhano wa ansembe, foni yawo sikupezeka. Ndinafunsa ngati zachokera kwa ambuye episikopi. Anati nkhani yaing'ono ngati iyi singafike kumeneko.

"Ndiye wakana ndani?" ndinafunsa.

"Palibe wakana, achimwene. Ndi mmene timachitira basi."

"Pansi pa mango paja munati lero palibe wamkulu palibe wamng'ono. Mawu amenewo anali a tsiku lomwelo lokha?"

Anati kuja kunali kungopereka maganizo, pomwe lamulo silinasinthe, ndipo tikayamba kutulutsira mtanda aliyense, mawa atsikana athu adzaona ngati ukwati wa m'tchalitchi ndi masewera. Sindinganame, a Gerevaziyo si munthu woipa. Mawu amenewo ndi omwe ine ndinkanena kwa anamfedwa ena, pakhonde lomwe lino. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limenelo ndinawamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo anandinyansa.

Atachoka ndinalowa kuchipinda. Ndinali ndi mantha, musaganize kuti anganga anu ndi ngwazi. Munthu wa zaka zanga akayambana ndi komiti amadziwa chimene akuika pachiswe, chifukwa maliro otsatira akhoza kukhala ake. Koma ndinaganiza kuti mlongo wanga ndinamukankhira ndine mu ukwati uja, ndinamukwezera ndine dzanja, ndipo pansi pa mango ndinamusiya alankhule yekha. Ndinachotsa mtanda kuseri kwa chitseko, ndinaupukuta ndi malaya amene ndinavula, ndinauika paphewa. Nsalu ndinalibe, imasungidwa ndi amayi a mpingo. Ndinawoloka mtsinje, ndinakaima patsogolo pa bokosi.

Palibe anandilanda. Palibenso anandithandiza. Tinanyamuka mwakachetechete, kukumveka mapazi okha ndi kulira kwa ana ake. Anyamata a kwaya ankayang'ana a Gerevaziyo, a Gerevaziyo ankayang'ana pansi. Mtanda wa mkungudza si wolemera, koma mawondo angawa munawaona mmene amachitira. Titafika pa nsungwi zija za kufupi ndi manda, mawu amodzi anayamba nyimbo ya maliro kumbuyo kwanga, mawu okalamba, onjenjemera. Anali mayi Agata, mkazi wa a Sitefano amlembi, amene ankasesa limodzi ndi Felesita. Anaimba ndime yonse yoyamba okha. Pa ndime yachiwiri amayi ena analandira, kenaka abambo angapo. Ena sanatsegule pakamwa mpaka kumanda, ndipo ndikuwadziwa mayina awo onse. A Bonifasi, amene zaka zonsezi sindinawaonepo akulira, anakhala pansi m'njira, anachita kuwadzutsa.

Sabata isanathe komiti inatumiza anthu awiri kudzatenga mtanda. Anati nyumba zamalata tsopano ndi zambiri, ndipo ine ndakalamba, ndipumule. Za mlandu wanga anati aukambirana. Mpaka lero akukambirana. Palibe wandiuza kuti ndaimitsidwa, palibenso wandiuza kuti sindinalakwe. Monga Likhutcha, ndangopeza kuti pa misonkhano ya komiti sakundiitananso.

Bambo mfumu atabwera ndinawafotokozera zonse, kuyambira kwa Alufonso. Ndi mwana wamng'ono, wotopa, nsapato zake zinali ndi matope a matchalitchi atatu. Anamvetsera osandidula, ndiwapatse ulemu wawo. Anafunsa mawu enieni amene Felesita ananena pansi pa mango, ndinawabwereza. Kenaka anati, "Ndamva, abambo. Nkhaniyi tiikambirana." A Bonifasi anandiuza kuti tsiku lomwelo anawaona bambo mfumuwo ataimika njinga yamoto pa nsungwi, nalowa kumanda okha, nakapemphera pa mtumbira wa Felesita. Koma m'tchalitchi sananenepo kanthu. Ndikapita kutsogolo kukalandira amandipatsa, a Gerevaziyo akuyang'ana. Ndiye mundiuze inuyo ophunzira, pamenepa andimva kapena angondilekerera poti ndatsala pang'ono? Ine sindikudziwa, ndipo sindikufuna kunamizira kudziwa.

Mwaleka kusenda nandolo, manja ali lende. Pitirizani, ndiwo sizidikira nkhani.

Tadala, ku msonkhanoko upite. Sindikukuletsa, ndipo nsapato zako ndikupukutira ndine. Mwina kumtundako kulidi anthu amene akufuna kumva, ine sindinafikeko. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti mawu a mlongo wanga sanafe ku Roma, anafera pansi pa mango, pakati pa anthu amene ankadya naye. Akakakufunsa za osiyidwa m'mbuyo, usakanene za mabanja kulimbikitsidwa. Ukanene dzina lake, ukabwereze funso lake mmene analifunsira, osaliphika. Ukatha usakamvere kuomba m'manja. Ukayang'ane cholembera cha mlembi, ndipo ukapemphe kuti akuwerengere zimene walemba anthu asanabalalike. Akakati ndiwe wamwano, ukanene kuti watengera anganga ako.

Nonsenu ndikusiyirani ntchito imodzi, ndipo amene adzaiphwanye ndidzamulotetsa. Tsiku langa likadzafika, pasadzapezeke wopita kwa a Gerevaziyo kukapempha mtanda. Musadzatume munthu, musadzaimbe foni kwa bambo mfumu, musadzagwade pakhomo pa wina aliyense. Mudzandisambitse, mudzandiike m'bokosi, mudzakhale pansi muziyang'ana kunjira. Ukadzabwera wokha, wina ataunyamula mosakakamizidwa, mudzadziwe kuti kufunsa kuja kunali koona, ndipo mudzaimbe mpaka mawu atasasa. Ukadzapanda kubwera, musadzakangane ndi munthu. Mudzandinyamule mwakachetechete, mudzandiike pafupi ndi Felesita, pakuti iye anakhala kukhomo zaka zonse zija ine ndili kutsogolo.